LEONHARD EULER, MUNTHU AMENE ANAYAMBITSA MASAMU A TIMADONTHO NDI MIZERE

Anzanga ambiri akamva mawu oti masamu amayamba kukanda m'mutu nkhani isanayambe n'komwe. Komabe lero ndikupemphani kuti mudekhe pang'ono, chifukwa ndikufuna kukuuzani za munthu wina amene ine ndimamusirira kwambiri mwa akatswiri onse a masamu. Dzina lake ndi Leonhard Euler.

Euler anabadwa pa 15 Epulo 1707 mu mzinda wa Basel ku Switzerland. Bambo ake, a Paul Euler, anali mbusa wa mpingo wa Reformed, ndipo ankafunitsitsa kuti mwana wawoyo adzakhalenso mbusa. Mnyamatayu analowa yunivesite ya Basel m'chaka cha 1720 ali ndi zaka 13 zokha, ndipo atamaliza maphunziro oyamba anayamba kuphunzira za Mulungu, Chigiriki ndi Chihebri monga bambo ake anafunira. Koma Loweruka masana ankapita kwa mphunzitsi wotchuka wa masamu, Johann Bernoulli, kukafunsa zimene zamuvuta m'mabuku. Mphunzitsiyu ataona nzeru za mwanayo anakalankhula ndi bambo ake, ndipo iwo analola kuti atsate mphatso yake. Ine ndimaona kuti bambowa ndi oyenera kuwayamikira, poti si kholo lililonse limene lingasiye maganizo ake chifukwa cha mwana.

Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. M'chaka cha 1727 Euler anapita ku St Petersburg m'dziko la Russia kukagwira ntchito pa bungwe la sayansi. Kumeneko anakwatira Katharina Gsell m'chaka cha 1734. Banjali linabereka ana 13, koma asanu okha ndi amene anakula.

Ali ku Russia komweko anamva za chinthu china chimene chinkazunguza mitu ya anthu a mu mzinda wa Königsberg, umene masiku ano umatchedwa Kaliningrad. Mtsinje wa Pregel unagawa mzindawo m'zigawo zinayi, ndipo zigawozo zinalumikizidwa ndi milatho isanu ndi iwiri. Funso linali lakuti, kodi munthu angathe kuyenda mzinda wonse n'kuwoloka mlatho uliwonse kamodzi kokha? Anthu ankayesa koma zinkakanika.

Euler sanavutike n'kuyeza kutalika kwa milatho kapena kukula kwa mtsinje. Zigawo zinayi zija anangozipatsa zilembo A, B, C ndi D, kenaka anawerenga milatho yofika pa chigawo chilichonse. Maganizo ake anali otere: munthu akamadutsa pa chigawo china amalowera pa mlatho umodzi n'kutulukira pa wina, kotero milatho ya pamenepo iyenera kukhala iwiriiwiri. Malo oyambira ulendo ndi malo othera okha ndi amene angakhale ndi mlatho wopanda unzake. Tsono ku Königsberg chigawo chimodzi chinali ndi milatho isanu, ndipo zitatu zinazo zinali ndi milatho itatu chilichonse. Zigawo zonse zinayi zinali ndi mlatho wotsalira, pamene zololedwa ndi ziwiri basi. Motero ulendo wotere sungatheke, ngakhale munthu atayenda mpaka nsapato kutha. Yankholi analipereka m'chaka cha 1735 ndipo linasindikizidwa mu 1741.

Pa nthawiyo nkhaniyi inkaoneka ngati masewera chabe, koma ndi pamene panaphukira nthambi ya masamu yotchedwa graph theory. Akatswiri amene anabwera pambuyo pake anayamba kujambula malo ngati timadontho, ndi milatho ngati mizere yolumikiza timadonthoto. Mwa zojambula zotere muli gulu lina lotchedwa chordal graphs. M'gulu limeneli, njira iliyonse yozungulira yodutsa pa timadontho tinayi kapena kuposerapo imakhala ndi mzere wachidule wodula pakati. András Hajnal ndi János Surányi a ku Hungary analemba za gululi mu 1958, ndipo mu 1961 Gabriel Dirac anasonyeza kuti m'chojambula chotere simulephera kupezeka kadontho kamene anansi ake onse ndi olumikizana okhaokha. Masamu a timadontho ndi mizere ndi amene amathandiza makompyuta kupeza njira yaifupi pa mapu ndiponso kukonza ndandanda ya mayeso kuti maphunziro asawombane.

Moyo wa Euler sunali wofewa ayi. Pofika mu 1738 diso lake lakumanja linali litatsala pang'ono kuferatu. Mu 1741 anasamukira ku Berlin ataitanidwa ndi Mfumu Frederick II, ndipo anakhalako zaka 25. Atabwerera ku St Petersburg mu 1766 diso linalo linayambanso kuchita mdima. Mu 1771 nyumba yake inapsa, ndipo chaka chomwecho anasiya kuona pafupifupi kotheratu. Patangopita zaka ziwiri mkazi wake anamwalira.

Munthu wina akanangokhala pansi n'kumadandaula. Euler ankawerengetsa masamu m'mutu, n'kumauza ana ake ndi omuthandiza kuti azilemba. Pafupifupi theka la zolemba zake zinalembedwa atabwerera ku Russia, pa zaka zimene maso anali atamuthera, ndipo zonse pamodzi ndi zoposa 800. Anakhalabe Mkhristu wopemphera mpaka tsiku limene anamwalira, pa 18 Seputembala 1783, ali ndi zaka 76.

Ine chimene ndatolapo pa moyo wa munthuyu n'chakuti funso likativuta, nthawi zambiri chimatisokoneza ndi zinthu zosafunika zimene zalikuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono anzanga, tengani pepala mujambule zigawo zinayi ndi milatho isanu ndi iwiri ija. Kenaka mufufute mlatho umodzi uliwonse, muwerengenso milatho ya pa chigawo chilichonse, ndipo muone ngati ulendo uja tsopano ungatheke.