Edna Flugrath ndi Akanema Aŵiri a ku South Africa

Mwa ana aakazi atatu a banja la Flugrath, la ku Brooklyn mu mzinda wa New York, Edna ndiye anali wamkulu, ndipo ndiye yekha amene anasunga dzina la atate wake pa ntchito ya zisudzo. Ang'ono ake anatchuka ndi maina ena, Viola Dana ndi Shirley Mason. Onse atatu anayamba kuseŵera pamaso pa anthu akali ana, ndipo Edna atakula analoŵa ntchito pa kampani ya Edison, imene inkajambula akanema opanda mau. Kumeneko anakomana ndi Harold Shaw, wotsogolera kajambulidwe ka akanema. Shaw atapita ku London m'chaka cha 1913, Edna anamtsatira, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yao inayendera pamodzi.

M'chaka cha 1916 I. W. Schlesinger, mwini wa kampani ya African Film Productions ku Johannesburg, anaitana Shaw kuti adzajambule De Voortrekkers, nkhani ya ulendo wa Mabunu ndi nkhondo yao ndi Dingane, mfumu ya Azulu, m'chaka cha 1838. Edna anaseŵera ngati namwali wa Chibunu. Kanemayo anaonetsedwa koyamba ku Krugersdorp pa 16 December 1916, tsiku lokumbukira nkhondoyo, ndipo kwa zaka zambiri Mabunu ankamuonera pa tsiku lomwelo monga mwambo. Azulu ambiri m'kanemayo ali khamu loopsa chabe, anthu oyenera kugonjetsedwa. Nzodabwitsa ndithu kuti nkhope imene inaimira ana aakazi a Mabunu inali ya mlendo wa ku Brooklyn. Koma kanema wopanda mau sankaulula kalankhulidwe ka munthu.

Aŵiriŵa anakwatirana ku Johannesburg m'chaka cha 1917. Shaw atasemphana maganizo ndi Schlesinger, anasamukira ku Cape Town natsegula nyumba yakeyake yojambulira ku Sea Point, pagombe lomwe lija limene munthu akalitsata chakummwera amafika ku Camps Bay. Kumeneko, ndi ku mathithi a Bawa m'dziko la Axhosa, anajambula The Rose of Rhodesia, amene anaonetsedwa ku Cape Town mu March 1918. Edna anali Rose Randall, mwana wa munthu wofunafuna miyala ya mtengo wapatali amene mwaŵi unamthaŵa.

Ngakhale dzina la kanemayo likuloza kwa Rose ndi kwa mwala wa dayamondi wobedwa, mtima wa nkhani uli kwina. Mfumu Ushakapilla yapempha malo kwa boma la Azungu, yakanizidwa, ndipo ikukonzekera kuukira. Mwana wake Mofti ali pa ubwenzi weniweni ndi mwana wa mmishonale, ndipo Moftiyo atafa pangozi, mfumu ileka za nkhondo. Mapeto ameneŵa akukomera Azungu, pakuti malo aja sanaperekedwe. Komabe, pasanathe zaka ziŵiri chionetsedwere De Voortrekkers, anthu akuda anaoneka ali ndi dandaulo lomveka ndi chisoni chaumunthu, ndipo oseŵerawo analembedwa maina, Chief Kentani ndi Prince Yumi. Wophunzira zinenero adzaona msanga kuti maina a Ushakapilla ndi Mofti sali a Chishona kapena Chindebele. Rhodesia wa m'kanemayo anali dzina lokopera anthu basi. Azungu a ku Cape Town sanakondwere naye kanemayo, koma ku London, kumene anaonetsedwa m'chaka cha 1919 atamfupikitsa, analandiridwa bwinopo.

Atabwerera ku England, Edna anaseŵera mu Kipps (1921), wochokera m'buku la H. G. Wells, kenaka ku America mu The Social Code (1923) pamodzi ndi Viola. Apa nyenyezi yake inali itayamba kale kuzilala. Shaw anafa pangozi ya galimoto ku Los Angeles m'chaka cha 1926, ndipo Edna anatsegula nyumba yokonzera tsitsi ndi nkhope za amai ku Hollywood. Anamwalira ku San Diego pa 6 April 1966.

The Rose of Rhodesia anayesedwa wotayika kwa zaka zambiri, kufikira kope limodzi linapezeka m'nyumba yosungira akanema ku Amsterdam. Akatswiri amene alemba za kopelo alankhula kwambiri za Kentani ndi Yumi kuposa za Edna, ndipo mau onse a mfumu, a Mofti ndi a Rose amaŵerengedwa m'menemo m'Chijeremani.