Ba Paul Ngozi ndi gitala yolira ngati sipika yong'ambika

Imwe amene mumakwera minibasi ya ku Kwacha m'mawa uliwonse mumamudziwa mnyamata uja wa pa mpando wa kumbuyo. Tumawaya tuli m'makutu, koma voliyumu wakweza mpaka basi yonse imverera naye, ndipo ndalama amapatsa kondakitala osamuyang'ana n'kumaso komwe. Kuyambira mu October 2024, imodzi mwa nyimbo zimene anyamata a mtundu wake akhala akubwereza ndi Noid ya Tyler, the Creator, wa ku California. Mkati mwa nyimboyo mumatulukira mawu a Chinyanja ndi gitala yaukali. Mnyamata wathu aganiza kuti Tyler anachita kupatsa pisiweki munthu wa ku Lusaka chaka chomwecho. Koma mdala wa chipewa amene wakhala pambali pake, uja anapuma nchito ku mgodi wa Nkana, adziwa bwino kuti mwini mawu aja anaikidwa m'manda mu 1989.

Dzina la pa chitupa linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949 ndipo anakulira mu Chibolya ku Lusaka, komboni imene mbiri yake simufunika kuuzidwa ndi ine. Anayamba kuimba m'tumabandi twa anyamata, Scorpions kenako Three Years Before, panthawi imene mnyamata aliyense wa gitala mu Zambia anali kulota kukhala Jimi Hendrix. Pambuyo pake anapita ku Nairobi kukalowa mu Musi-O-Tunya, bandi ya anyamata a kuno imene inali kusakila ndalama ku Kenya. Sanakhalitse. Anabwerera kwawo n'kupanga bandi yawoyawo, Ngozi Family, pa ng'oma pali ba Chrissy Zebby Tembo. Dzina la Ngozi linachokera pa zimene anali kuchita pa siteji: gitala ankailiza ndi mano, ndipo anthu ankatuluka mu holo makutu akulira.

Manje mungafunse kuti munthu wa ku Lusaka walowa bwanji mu nkhani ya Kopala, kuno kumene ngakhale kondakitala wa ku Chipata amafuula mu Chibemba. Yankho ndi lakuti masiku amenewo njira ya nyimbo inali kudutsa kuno. Ku Ndola kunali Zambia Music Parlour ya ba Edward Khuzwayo, amene anatulutsa marekodi a mabandi ambiri a nthawi imeneyo. Ku Ndola komweko kunali Teal Record Company, fakitale yodinda marekodi. Ku Chingola kunali situdiyo ya Malachite. WITCH inabadwira mu Kitwe muno, ba Jagari ndi mwana wa ku Chamboli. Amanaz nayonso ndi ya mu Kitwe, ndipo chimbale chawo Africa chinatuluka mu 1975. Ku Chingola kunali ba Keith Mlevhu, munthu mmodzi woimba zida zonse yekha pa rekodi. Pamwamba pa zonsezi panali malipiro a ku migodi. Mwezi ukatha, wa ku mgodi anali ndi ndalama yogulira rekodi, yolipirira pakhomo pa holo, yotsala n'kugulira mowa. Bandi iliyonse yofuna kudya inayenera kukondweretsa Kitwe ndi Ndola.

Chapakati pa zaka za m'ma 1970 ba Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za mu Zambia. Mwadzidzidzi wailesi inali ndi njala ya nyimbo, ndipo ba Ngozi anali ndi zoidyetsa. Day of Judgement inatuluka mu 1976. Posakhalitsa kunabwera The Ghetto, ndipo mu 1977 kunatuluka 45,000 Volts, mmene muli Nizakupanga Ngozi, nyimbo imene Tyler anadulako chidutswa. Anaimbanso gitala pa My Ancestors, chimbale chimene chinatuluka mu dzina la ba Chrissy Zebby Tembo. Zimbale zambiri chonchi m'zaka zochepa chonchi, oimba a lero amene amatenga chaka chathunthu kutulutsa singo imodzi aziganizirepo.

Mukamva Day of Judgement koyamba mungaganize kuti foni yanu yaonongeka. Gitala imamveka ngati sipika yong'ambika, ng'oma ngati zili m'chipinda china, mawu a woimba nthawi zina amamira. Kulira kwa gitala kuja kumachokera ku kabokosi kopondapo kotchedwa fuzz, kamene kamapanikiza mawu a gitala mpaka asweke. Hendrix ankakagwiritsa nchito, koma iye anali ndi masitudiyo okwera mtengo osalaza zonse pambuyo pake. Ba Ngozi anali ndi gitala, besi, ng'oma ndi maola ochepa a mu situdiyo. Bandi ya anthu ochepa imasiya mipata yambiri mu nyimbo, ndipo iwo mipata ija anaitseka ndi phokoso. Ine ndiona kuti apa m'pamene panali nzeru zawo. Munthu wina akanachita manyazi, n'kutsitsa gitala kuti kusowa kwa zida kubisike. Iwo anaikweza.

Kuti mumvetse chifukwa chake azungu osonkhanitsa marekodi akale anapenga nazo nyimbozi, tiyeni tipatukeko pang'ono tipite ku Italy, kudzera ku bayoskopu ya ku komboni. Kopala ndi mafilimu a ma cowboy ndi chibwenzi chakale. Makampani a migodi ankaonetsa mafilimu panja usiku m'makomboni, ndipo mayi wina wa ku America wofufuza za chikhalidwe, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, anapeza kuti oonerera ankatcha cowboy aliyense wamphamvu dzina limodzi, Jack. Nkhani ya filimu analibe nayo nchito kwenikweni, ankadikira nkhonya ndi mahatchi.

M'zaka za m'ma 1960 anthu a ku Italy anayamba kupanga mafilimu awo a ma cowboy, ambiri akuwajambulira m'chipululu cha Almería ku Spain chifukwa kunali kotchipa. Mu 1964 Sergio Leone anapanga A Fistful of Dollars, mmene munali Clint Eastwood, ndipo nyimbo zake anapatsa mnzake wa ku pulayimale, Ennio Morricone. Ndalama zinali zochepa, zosakwana gulu lalikulu la oimba ngati la ku Hollywood. Morricone anatenga zimene zinalipo: chikwapu, belu, amuna ofuula, gitala ya magetsi, ndi munthu woimba mluzu, Alessandro Alessandroni. Pofika 1966, pa The Good, the Bad and the Ugly, anali kuuza anthu kuti alire ngati nkhandwe za m'chipululu. Kamluzu kaja mumakadziwa ngakhale filimuyo simunaione, kamamveka m'tumavidiyo twa pa TikTok anthu awiri akamayang'anizana mwaukali. Morricone yemweyo ankaimbanso lipenga mu kagulu kotchedwa Gruppo di Improvvisazione Nuova Consonanza, kamene kankalowa mu situdiyo popanda nyimbo yolembedwa, kukwecha nsambo za piyano, kugogoda zida paliponse, kuona chimene chituluke. Anthu wamba ankati ndi phokoso chabe.

(Ataliyana si alendo kuno, tikambe zoona. Paipi ya mafuta ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola anaimanga ndi iwo n'kuitsiriza mu 1968, ndipo Indeni inayamba nchito mu 1973 iwo ali mkati.)

Sindikuti ba Ngozi anakopera kwa Morricone, iyayi. Aphunzitsi awo anali a rock. Chimene chifanana ndi vuto limene anthu awiriwa anakumana nalo ndi mmene analithetsera. Onse anali kutengera chinthu cha ku America alibe ndalama za ku America, ndipo onse anatulukira ndi chinthu chimene Amereka sakanachiganiza. Ndiye chifukwa chake lero munthu amene amasaka marekodi a mafilimu akale a ku Italy ku London kapena ku Tokyo ndi yemweyo amene amasaka Ngozi Family. Khutu lake lifuna chinthu chimodzi, mawu okhakhala amene makina a lero amachotsa.

Koma kufanana kumathera pomwepo. Morricone anaphunzira nyimbo pa sukulu ya Santa Cecilia ku Rome, anali ndi makampani osunga matepi ake, anakhala ndi moyo zaka 91, ndipo mu 2016 analandira Oscar chifukwa cha The Hateful Eight, ali nkhalamba. Ba Ngozi anamwalira ali ndi zaka 40.

Chinanso chimene osonkhanitsa marekodi a kunja amachiphonya ndi mawu. Iwo amamva gitala chabe. Mdala wa ku Nkana uja amamva nkhani. Ba Ngozi ankaimba mu Chizungu, mu Chinyanja, nthawi zina mu Chibemba, ndipo nkhani zawo zinali za pa mseu wa kwanu: makolo otaya ana chifukwa cha mowa, maukwati ovuta, ulesi, munthu wotopa ndi moyo, Mulungu ndi chiweruzo. Anali ngati mlaliki wolowa mu tavani ndi amplifaya. Chizungu chawo chinali cha mu komboni, osachikhotetsa kuti chimveke cha ku London, ndipo Chinyanja chawo ndi chimene mumamva pa sitesheni ya basi mpaka lero. Ndiye chifukwa chake anali wa anthu wamba kupambana mabandi ena amene anali osalala bwino. Amanaz mumaimvera mutakhala pansi. Ba Ngozi amakudzutsani ngati landilodi pa 1.

Nthawi yabwino inali yaifupi, ndipo chodabwitsa n'chakuti zimbale zawo zazikulu zinatuluka zinthu zitayamba kale kuvuta. Malire a Rhodesia anatsekedwa mu 1973. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975 ndipo sunadzukenso msanga. Mu 1978 ndege za Ian Smith zinali kuponya mabomba mkati mwa Zambia, kunabwera lamulo loletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi, ndipo bandi imene imadya usiku inayamba kuimba masana. Kenako disco, mmene mwini bala amalipira munthu mmodzi wa marekodi m'malo mwa anthu asanu ndi zida zawo. Kenako kalindula, ya ba P.K. Chishala ndi anzawo, inatenga mitima ya anthu. Makaseti okopera anapha malonda a marekodi. Pofika December 1986 anthu a mu Kitwe ndi Ndola anali m'miseu chifukwa cha mtengo wa unga, ndipo munthu wosowa unga sagula chimbale.

Ba Ngozi sanasiye. Anapitiriza kujambula ndi kuimba m'zaka za m'ma 1980, gitala itatsikako, nkhani za m'nyumba ndi za mu komboni zitapita patsogolo. Ambiri a makolo anu amawakumbukira ndi nyimbo za nthawi imeneyi kupambana za fuzz zija. Imfa yawo mu 1989 inabwera m'zaka zimene AIDS inali kukolola oimba a mu Zambia ngati chimanga. Mwa amene anayambitsa WITCH anatsala ba Jagari okha, ndipo iwonso anasiya siteji kwa zaka zambiri, n'kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adye. Marekodi anatsala m'makatoni pansi pa bedi, ena ana anawasandutsa zoseweretsa, ena anapindika ndi dzuwa.

Amene anabwera kudzawatola ndi alendo. Kampani ya ku Los Angeles ya Now-Again Records, ya munthu wotchedwa Egon, inayamba kudindanso zimbale za WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, ndipo mu 2017 inatulutsa Welcome to Zamrock! m'magawo awiri. Sampa the Great, wobadwira ku Ndola, anatulutsa Never Forget mu 2022 polemekeza m'badwo umenewu, ndipo nyimboyo inamveka pa kanema wolengeza filimu ya Black Panther: Wakanda Forever. WITCH inadzukanso, ba Jagari ali kutsogolo, n'kutulutsa Zango mu 2023. Kenako Tyler, amene chimbale chake Chromakopia chinakafika pa nambala 1 ku America chili ndi mawu a mwana wa mu Chibolya mkati.

Zimenezi n'zokondweretsa, koma zili ndi kowawa kake. Kuti mnyamata wa ku Kwacha amve ba Ngozi, nyimbo yachita kuchoka kuno, kukazungulira ku California, n'kubwera ndi chidindo cha mlendo. Mawailesi athu angathe kuliza amapiano ola lathunthu osaikako nyimbo imodzi ya m'badwo umene unamanga Teal. Ndipo DJ wa pa kona, uja amene amakuikirani nyimbo pa memori kadi, mukamufunsa Ngozi Family amakuyang'anani ngati mwafunsa za tchalitchi chatsopano. Ku Lusaka anayesako, mu Kabwata muli mseu wa dzina la Paul Ngozi. Kuno kumene marekodi a m'badwo wawo ankadindidwa ndi kugulidwa, mungayende kuchoka ku Kwacha kufika mu tauni osaona kanthu kokuuzani kuti zinachitikira pano.

Choncho ngati kwa ambuya ku Kwacha, ku Bulangililo kapena ku Chimwemwe kuli katoni ya marekodi imene aliyense afuna kutaya pokonza m'nyumba, yambani mwaitsegula. Yang'anani pakati pa rekodi ngati palembedwa Zambia Music Parlour, Teal kapena Chris Editions. Rekodi yoyambirira ya Ngozi Family imene ili bwino imafika madola mazana angapo kwa osonkhanitsa a kunja, ndiye munthu akabwera ndi K50 ati akuthandizeni kuchotsa zinyalala, muuzeni kuti ambuya akali kuzifuna. Muziimike chilili ngati mabuku, kutali ndi dzuwa ndi mbaula, ndipo chikuto chake musachitaye ngakhale chitadyedwa ndi mphemvu.