Ibn al-Nafis: shehe wa fiqh amene anapeza njira ya magazi



Ambiri mwa ife tinalembapo nzeru za munthu uyu pa mayeso a Biology osadziwa dzina lake. Mukukumbuka funso lija la mmene magazi amachokera mumtima kupita kumapapo n'kubwereranso? Woyamba kulemba yankho lolondola anali Msilamu, dokotala komanso mphunzitsi wa fiqh, dzina lake Ala al-Din Ali ibn Abi al-Hazm, wodziwika kuti Ibn al-Nafis. Allah amuchitire chifundo.

Anabadwa cha m'ma 1213 kufupi ndi Damascus, ku Syria. Udokotala anauphunzira pa chipatala cha al-Nuri, chimene anamangitsa mfumu Nur al-Din mu 1154. Kumeneko ophunzira ankayendera odwala limodzi ndi aphunzitsi awo, kenako n'kukhala pansi kuwerenga mabuku. Mphunzitsi wake anali al-Dakhwar, mkulu wa madokotala a nthawiyo. Koma mnyamatayu sanasiye dini pakhomo: anaphunziranso hadith, fiqh ndi malamulo a chilankhulo cha Chiarabu.

Cha m'ma 1236 anasamukira ku Cairo, ku Egypt, ndipo anakhala komweko moyo wake wonse. Ankathandiza odwala, ankaphunzitsa udokotala, komanso ankaphunzitsa fiqh pa madrasa ya al-Masruriyya. Fiqh yake inali ya Imam Shafi'i, yomweyi imene ambiri timatsatira kuno ku Malawi.

Tsopano nkhani yeniyeni. Kwa zaka zoposa 1,000 madokotala ankatsatira Galen, katswiri wa Chigiriki. Iye anaphunzitsa kuti khoma limene limagawa mtima pakati lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo magazi amadutsa m'timaboowo kuchoka mbali yakumanja kupita yakumanzere. Ngakhale Ibn Sina, mwini buku lalikulu la al-Qanun fi al-Tibb, sanachotse maganizo amenewa. Ndani akanayerekeza kutsutsa akuluakulu otere?

Mu 1242, asanakwanitse n'komwe zaka 30, Ibn al-Nafis analemba Sharh Tashrih al-Qanun, buku lofotokoza zimene Ibn Sina analemba pa kapangidwe ka thupi. M'menemo ananena mosabisa kuti khomalo n'lokhuthala ndipo lilibe bowo, looneka kapena losaoneka. Magazi a mbali yakumanja amatuluka ndi mtsempha wopita kumapapo, amasakanikirana ndi mpweya, kenako amabwerera ndi mtsempha wina kulowa mbali yakumanzere. Anakananso zoti mtima uli ndi zipinda zopopa zitatu monga analembera Ibn Sina. Iye anati n'ziwiri. Anaonjezera kuti mtima umadyetsedwa ndi mitsempha imene imayenda m'nyama yake, osati ndi magazi ongokhala m'chipinda.

Izi mukhoza kuziona nokha. Mukadzapita ku msika wa Nkhata Bay, kwa ogulitsa nyama ya mbuzi, kapena mukadzazinga mbuzi pa Eid, tengani mtima muudule pakati musanauphike. Muona khoma lija lili gwa, lopanda podutsa. Muonanso kuti nyama ya mbali yakumanzere ndi yokhuthala kuposa yakumanja. Chifukwa chake n'chakuti yakumanja imangokankhira magazi kumapapo, pafupi pomwepo, pamene yakumanzere imawapopera thupi lonse mpaka kumapazi. Kuona kapangidwe kameneko ndiyo Anatomy; kufunsa chifukwa chake ndiyo Physiology. Maphunziro amene timawaopa aja amayambira pa zinthu zimene timagwira ndi manja tsiku lililonse.

Chochititsa chidwi n'chakuti Ibn al-Nafis sanamunyoze Ibn Sina. Anathera zaka zambiri akufotokoza mabuku ake, ndipo buku lofupikitsa al-Qanun lotchedwa al-Mujaz, limene limadziwika ndi dzina lake, linawerengedwa ndi ophunzira kwa zaka mazana. Anamulemekeza pomuwerenga mofatsa mpaka kuona pamene panapotoka. Ife nthawi zambiri timagwera mbali ziwiri: kaya kumeza zonse zimene zili m'manotsi, kaya kuderera aphunzitsi tisanawerenge n'komwe. Iye anaphunzira kaye mokwanira, ndipo atatsutsa anabwera ndi zifukwa.

Anali munthu wolemba kwambiri. Anayamba buku la zachipatala lotchedwa al-Shamil fi al-Tibb, limene ankafuna kuti lifike mavoliyumu 300, anakwanitsa 80. Analembanso za matenda a maso, za malamulo a hadith, ndi nkhani yotchedwa al-Risala al-Kamiliyya. Olemba mbiri yake amati sankathamangira kupereka mankhwala ngati kusintha zakudya kukanatha kumuchiza wodwala. Amatinso atadwala matenda ake omaliza, madokotala anzake anamuuza kuti amwe vinyo pang'ono ngati mankhwala, koma anakana, posafuna kukakumana ndi Mbuye wake ali ndi mowa m'mimba.

Anamwalira ku Cairo mu December 1288. Nyumba yake ndi mabuku ake anazisiya ngati waqf kwa chipatala cha al-Mansuri, chimene anali atangomangitsa kumene Sultan Qalawun.

Nanga zimene anapeza zija? Sizinamutchukitse ali moyo, ndipo zinakhala chete m'mabuku. Ku Ulaya, Michael Servetus analemba zofanana nazo mu 1553, Realdo Colombo mu 1559, ndipo William Harvey anafotokoza kuzungulira konse kwa magazi mu 1628. Dzina la Ibn al-Nafis linatulukanso mu 1924, pamene dokotala wa ku Egypt, Muhyi al-Din al-Tatawi, amene ankaphunzira ku Germany, analemba za buku lake atalipeza mu laibulale ya ku Berlin. Panali patadutsa zaka zoposa 600 mwini wake ali m'manda.

Abale, kuno kwathu mtima wa wachinyamata umakokedwa mbali zambiri: kunyanja, kabaza, ulendo wa ku Joni. Kusaka rizki ya halal si tchimo. Koma ena timasiya sukulu poganiza kuti Biology ndi ya anzathu, ife yathu ndi madrasa basi. Moyo wa shehe uyu ukukana maganizo amenewo. Ndipo tikamadandaula kuti tikanakonda mayi athu kapena mlongo wathu aonedwe ndi dokotala wamkazi, tidzifunse kuti ndi atsikana angati amene tawalimbikitsa kufika Form 4 ndi kupitirira.

Makomo alipo: KUHeS, Malawi College of Health Sciences, Mzuzu University, komanso masukulu a zaumoyo ku Ekwendeni ndi St John of God ku Mzuzu. Chiphaso chake ndi MSCE yabwino, makamaka Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Ngati uli ku sekondale, gwira maphunziro amenewa monga umagwirira sura imene ukuloweza: pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, mpaka umvetse. Ngati sukulu inakupita, fufuza mng'ono wako amene amakhoza sayansi, umugulire ngakhale buku limodzi.

Allah atipatse maphunziro opindulitsa, achize odwala athu, ndipo atulutse pakati pathu manesi ndi madokotala omuopa Iye. Ameen.