Burt Munro: Mkulu Yemwe Anakalamba ndi Njinga Yamoto Imodzi

M'mayiko ambiri muli anthu omwe chisangalalo chawo n'kutola njinga zamoto zakalekale, zomwe eni ake anazitaya zitachita dzimbiri, n'kuzikonza mpaka ziyambenso kulira. Anthu oterewa amatha miyezi akusakasaka kachitsulo kamodzi komwe fakitale inasiya kupanga agogo awo akadali anyamata. Akamacheza, dzina la Burt Munro wa ku New Zealand silichedwa kutchulidwa. Bamboyu anagula njinga yamoto m'chaka cha 1920 ali mnyamata, ndipo anakhala nayo zaka zoposa 55. Poigula inkathamanga makilomita 89 pa ola. Iye atafika zaka 68, njinga yomweyo inathamanga makilomita 296 pa ola, zitsulo zambiri za mu injini yake zili zosula yekha ndi manja ake.

Ubwana wake

Herbert James Munro, yemwe ambiri ankangomutchula kuti Burt, anabadwa pa 25 Malichi 1899 m'chigawo cha Southland, kumwera kwenikweni kwa New Zealand. Anabadwa mapasa, koma mlongo wakeyo anamwalira pobadwa. Anakulira pafamu ya makolo ake ku Edendale, kufupi ndi mzinda wa Invercargill. Bambo ake ankafuna kuti mwanayo adzakhale mlimi ngati iwo, koma mtima wa Burt sunali kumunda. Chomwe ankakonda chinali liwiro. Asanaione n'komwe njinga yamoto, ankakwera hatchi yothamanga kwambiri pafamupo n'kumaithamangitsa, ngakhale bambo ake sankakondwera nazo.

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, anakagwirako ntchito yoboola phiri pokonza njira ya sitima ya Otira, kenako anabwereranso kukathandiza bambo ake. Pambuyo pake anapita ku Australia komwe ankachita nawo mipikisano ya njinga zamoto. Mavuto azachuma omwe anayamba mu 1929 atakuta dziko lonse, anabwerera kwawo. Kumeneko anapeza ntchito yogulitsa njinga zamoto, ndipo analinso makaniko.

Njinga yake

Njinga yomwe anagula inali ya mtundu wa Indian Scout, yopangidwa ku Springfield m'chigawo cha Massachusetts ku America. Mtunduwu unali utangotuluka kumene. Injini yake inali ya masilinda awiri oima motalikirana kumwamba ngati chilembo cha V, ndipo kukula kwake kunali pafupifupi 600 cc. Nambala imeneyi imanena kuchuluka kwa malo omwe mapisitoni amayendamo m'masilinda. Malowo akakula, injini imameza mpweya ndi mafuta ochuluka pa nthawi imodzi, ndipo mphamvu yake imakulanso.

Kwa zaka zingapo Munro ankangoikwera momwe anaigulira. Mu 1926 m'pamene anayamba kuisintha chifukwa liwiro lake silinkamukwanira. Apa m'pomwe amasiyanirana ndi ambiri mwa okonza njinga zakale a masiku ano. Iwo amafuna kuti njinga ibwerere mwakale, utoto ndi mabawuti omwe zikhale monga tsiku lomwe inatuluka m'fakitale. Munro sankasamala za maonekedwe. Ankafuna kudziwa kuti injini yakale ija ingapirire mpaka pati. Komabe ntchito ya tsiku ndi tsiku inali yomweyo: kumasula, kuyeza, kupeza chomwe chadyeka, kupanga china, kumanganso, n'kuyesa.

Anali ndi mavuto awiri. Ndalama analibe, komanso masana onse ankakhala ali ku ntchito yogulitsa njinga. Choncho njinga yake ankaigwira usiku, ndipo nthawi zina kunkamuchera ali pomwepo, n'kupita kuntchito osagona. Mu 1953 kunabwera vuto lachitatu: fakitale ya Indian inasiya kupanga njinga zamoto. Koma pofika nthawi imeneyo Munro anali atazolowera kale kusadalira sitolo, chifukwa zitsulo zomwe ankafuna sizinkagulitsidwa kwina kulikonse.

Mmene ankapangira zipangizo

Chinthu chachikulu chomwe anasintha chinali malo a mavavu, timageti tomwe timalowetsa mpweya wosakanikirana ndi mafuta m'silinda ndi kutulutsa utsi. Pa Indian Scout mavavuwa anali m'mbali mwa silinda, kotero mpweya unkayenda mokhotakhota usanafike pamwamba pa pisitoni. Injini yotero ndi yolimba komanso yosavuta kukonza, koma imabanika ikamazungulira mofulumira. Munro anapanga mitu yatsopano ya masilinda n'kuika mavavu pamwamba, kuti mpweya uzilowa molunjika. Kusintha kumeneku kunafuna kuti apangenso zitsulo zonse zotsegula ndi kutseka mavavuwo pa nthawi yake yeniyeni.

Mapisitoni ankaumba yekha. Ankasungunula zitsulo zakale n'kuthira m'zikombole zomwe anapanga m'zitini, kenako n'kupala pisitoni iliyonse mpaka ikwane bwino. Masilinda ankawapanga kuchokera ku mapaipi akale achitsulo. Mikono yolumikiza pisitoni ku chitsulo chozungulira cha m'munsi mwa injini anaisema kuchokera ku chitsulo chokhuthala chomwe chimagwira matayala a thirakitala, ntchito yomwe inamutengera miyezi ali ndi tupa m'manja. Ngakhale choyezera chake china chinali sipoko yakale ya njinga.

M'kupita kwa zaka ankakulitsa masilinda pang'onopang'ono, kuchoka pa 600 cc kufika pa 850, kenako 920, mpaka 950 cc. Kukulitsa kotereku kuli ndi mtengo wake. Khoma la silinda limapyapyala, kutentha kumachuluka, ndipo chitsulo chilichonse chimasenza katundu woposa yemwe anachipangira. Choncho injini inkaphulika kawirikawiri. Pisitoni inkabooka, mkono unkathyoka n'kuswa zina zoyandikana nazo, ndipo ntchito ya miyezi inkatha m'kamphindi.

Zitsulo zoswekazo Munro sankataya. Ankaziika pashelefu m'galaja yake, pomwe analembapo mwanthabwala kuti ndi nsembe kwa kamulungu ka liwiro. Shelefuyo inali ngati kope la mwana wasukulu. Chitsulo chothyoka chimaonetsa pomwe mng'alu unayambira, ndipo wochiyang'anitsitsa amadziwa ngati chinapyapyala kwambiri, chinatentha mopyola, kapena chinasowa oilo. Chotsatira ankachipanga atakonza cholakwikacho. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Munro anadekha ndi injini imodzi kwa zaka zoposa 40.

Mtengo womwe analipira

Njingayo ankaiyesera m'misewu ya kwawo komanso pa mchenga wolimba wa m'mbali mwa nyanja ku Oreti Beach, pafupi ndi Invercargill. Anaika marekodi angapo a liwiro m'dziko la New Zealand. Anagwapo kambirimbiri n'kuvulala, koma akachira ankabwerera pomwepo.

Zonsezi sizinabwere ulele. Munro anali ndi mkazi ndi ana anayi, ndipo usiku uliwonse womwe ankachezera ndi injini unali usiku womwe a m'nyumba mwake sankamuona. Nkhondo yachiwiri itatha, banja lake linatha. Kenako anasiya ntchito n'kukakhala m'galaja ku Bainfield Road mumzinda wa Invercargill, momwe bedi lake linali pakati pa zitsulo ndi makina. Kuyambira pamenepo tsiku lake lonse linali la njinga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anayamba kuvutika ndi matenda a mtima omwe amachititsa ululu pachifuwa, koma sanasinthe kakhalidwe kake. Omwe amasirira luso lake amayenera kuionanso mbali imeneyi, pakuti nayonso ndi mbiri ya munthu yemweyo.

Pa chigwa cha mchere

Njinga itayamba kuthamanga kwambiri, misewu ndi magombe a ku New Zealand anayamba kumuchepera. Malo oyenera anali kutali, ku Bonneville m'chigawo cha Utah ku America. Kumeneko kuli chigwa chachikulu chathyathyathya cha mchere, pomwe kalekale panali nyanja yomwe inaphwa. M'mwezi wa Ogasiti mchere ukauma, anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana amasonkhanako kukayesa liwiro la magalimoto ndi njinga zamoto. Sathamanga mophatikizana. Aliyense amapita yekha, ndipo oyeza amawerengera nthawi yomwe watenga pa mtunda woyezedwa. M'masiku a Munro, rekodi inkatengedwa pophatikiza maulendo awiri, wopita ndi wobwera, n'kupeza liwiro la pakatikati, kuti mphepo isakondere munthu. Izi zikutanthauza kuti injini inkayenera kupirira kawiri. Kuonjezera apo, Bonneville ali pamalo okwera mamita oposa 1,200, pomwe mpweya ndi wopepuka, kotero injini yochunidwa m'mbali mwa nyanja ku Invercargill inkafunika kuichunanso.

Pa liwiro lalikulu mdani wamkulu ndi mphepo. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe mphepo imakankhira njinga m'mbuyo imawirikiza kanayi, ndipo injini imafunika mphamvu yowirikiza ka 8 kuti ilimbane nayo. Munro ankafuna liwiro loposa katatu lomwe njinga yake inabadwa nalo, choncho injini payokha sikanakwanitsa. Anaitalikitsa njingayo, anaitsitsa pansi, n'kuipangira chigoba chosalala chooneka ngati nsomba, momwe iye ankalowamo atawerama chafufumimba. Chigobacho chinabweretsa vuto lina: liwiro likakwera, njinga inkayamba kugwedezekera uku ndi uku moopsa, ndipo anasinthapo kapangidwe ka mchira wake pofuna kuthetsa zimenezo.

Anapita ku Bonneville maulendo 10. Woyamba anangokaona malo, ndipo pa 9 enawo anathamanga. Njinga inkawoloka nyanja ya Pacific pa sitima yapamadzi. Akafika ku America ankagula galimoto yakale yotchipa n'kukokera njingayo pa kangolo mpaka ku Utah. Anzake opikisana nawo ankabwera ndi makina atsopano ndi magulu a amakaniko. Iye ankafika ndi njinga yakale kuposa ambiri mwa anthu omwe anali pamalopo, ndipo chifukwa cha nthabwala zake ndi kulimba mtima kwake anapeza abwenzi omwe ankamuthandiza chaka ndi chaka.

Mu 1962, ali ndi zaka 63, anaika rekodi ya makilomita 288 pa ola m'gulu la mainjini osaposa 883 cc. Mu 1966 anaika ina ya makilomita 270 pa ola m'gulu la 1,000 cc. Chaka chachikulu chinali 1967. Pa ulendo woyeserera kuti aloledwe kupikisana, anafika makilomita pafupifupi 306 pa ola. Kenako pa 26 Ogasiti anaika rekodi ya makilomita 295 pa ola m'gulu la njinga zachigoba za mainjini osaposa 1,000 cc. Iye anali ndi zaka 68, njinga yake ili ndi zaka 47. Mu 2014 mwana wake wamwamuna anapeza kuti owerengera analakwitsa masamu, ndipo bungwe la American Motorcyclist Association linakonza nambalayo kukhala makilomita 296 pa ola.

Masiku ake omaliza

Thanzi lake linapitirira kufooka, ndipo mu 1977 anadwala sitiroko yomwe inamulanda mphamvu zokwera njinga. Pofuna kuti njinga zake zisachoke kwawo, anagulitsa Indian ija pamodzi ndi ina ya mtundu wa Velocette kwa mnzake Norman Hayes, wa sitolo ya zipangizo ya E Hayes & Sons ku Invercargill. Anamwalira pa 6 Januwale 1978 ali ndi zaka 78, ndipo anaikidwa m'manda mumzinda womwewo.

Ali moyo, Roger Donaldson anajambula filimu yaifupi yoonetsa ntchito yake, yomwe inatuluka mu 1971. Mu 2005 Donaldson yemweyo anatulutsa filimu yaikulu yotchedwa The World's Fastest Indian, momwe Anthony Hopkins anasewera ngati Munro, ndipo dzina lake linadziwika ngakhale kwa anthu osatsatira za njinga zamoto. Chaka chotsatira analembedwa m'gulu la anthu olemekezeka pa nkhani ya njinga zamoto ku America, ndipo ku Invercargill kunayambika chikondwerero cha mipikisano chotchedwa Burt Munro Challenge.

Wophunzira yemwe akuyamba ntchito yamanja angatolepo kanthu pa moyo wa bamboyu. Munro sanapite kusukulu ya uinjiniya, ndipo zida zake zinali zomwe makaniko wamba angakhale nazo. Chomwe anali nacho chinali chizolowezi chofunsa chifukwa chomwe chitsulo chathyokera asanaikepo china, ndiponso kusafulumira kunena kuti chinthu chakale chatha ntchito. Chizolowezi chimenechi n'chothandiza m'galaja, m'chipinda choyezera odwala, ngakhale pa kompyuta. Koma moyo wake ukuonetsanso kuti chinthu chomwe munthu anachiyamba ngati chosangalatsa cha madzulo chingathe kudya ntchito, tulo, thanzi ndi banja, ngati mwiniwake sanachiikire malire.

Njinga ija ikadalipo. Ili m'sitolo ya Hayes mumsewu wa Dee ku Invercargill, pakati pa mashelefu a misomali ndi masipanala, ndipo aliyense wolowamo amatha kuiona.