Jonas Salk, bambo amene anabaya ana ake omwe katemera wa poliyo

Jonas Salk anabadwira ku New York, m'dziko la America, pa 28 October 1914. Makolo ake sanapite patali ndi sukulu, koma analimbikira kuti mwana wawo aphunzire mpaka anakhala dokotala.

Masiku amenewo poliyo ankapuwalitsa ana chaka ndi chaka. Mu 1952 mokha, anthu oposa 57,000 anadwala nthendayi ku America. Salk ndi anzake a pa yunivesite ya Pittsburgh anapha kachilombo ka poliyo ndi mankhwala, n'kupanga katemera amene amaphunzitsa thupi kudziteteza popanda munthu kudwala.

Mu 1953, katemerayo asanavomerezedwe, Salk anadzibaya yekha, n'kubayanso mkazi wake ndi ana ake aamuna atatu. Chaka chotsatira, ana oposa miliyoni imodzi anatenga nawo mbali pa kafukufuku wamkulu, ndipo pa 12 April 1955 kunalengezedwa kuti katemerayo ndi wothandiza komanso wosaopsa. Salk sanamulembetse ngati chuma chake.

Anamwalira pa 23 June 1995 ku La Jolla, California, komwe anakhazikitsa malo ofufuzira a Salk Institute. Akatswiri akugwirabe ntchito kumeneko pansi pa dzina lake. Ana ake atatu aja onse anadzakhala madokotala.

Katemera wa poliyo wodonthezera m'kamwa anapanga ndi Albert Sabin, koma wobaya uja amene mwana amalandira kusikelo ndi wochokera ku ntchito ya Salk. Poliyo anapezekanso ku Lilongwe mu 2022, choncho makolo onetsetsani kuti mwana walandira onse awiri.