Daniel Kachamba ndi Mpukutu wa Kanema Umene Udamusunga

Pakati pa oimba amene dziko la Malawi lidabala ufulu wodzilamulira usanadze, ndi owerengeka okha amene tingathe kuwaona ndi maso athu lero lino akuimba. Ambiri adangotisiyira mawu awo pa matepi a wailesi, ena adangotisiyira maina, ndipo ena adapita ndi luso lawo kumanda osasiya kanthu. Malemu Daniel Kachamba ndi mmodzi wa owerengekawo. Munthu amene ali ndi lamya ya m'manja ndi kandalama kogulira bandulo angathe kumupeza pa YouTube, gitala ili m'manja, zala zikuthamanga pa nsambo monga zinkachitira iye ali moyo. Kodi zithunzi zimenezi zidapulumuka bwanji zaka zonsezi, pamene dziko lathu lidalibe ngakhale wailesi ya kanema m'masiku akewo? Yankho lake tilipeza potsata mbiri ya moyo wake.

Daniel James Kachamba adabadwira ku Limbe m'chaka cha 1947. Kwawo kudali m'mudzi wa Singano, kufupi ndi bwalo la ndege la Chileka, m'boma la Blantyre. Bambo ake, a James Kachamba, nawonso adali woimba gitala, motero mwanayo adakula akumva nsambo zikulira pakhomo. M'chaka cha 1957, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, banjali lidasamukira ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, kumene Amalawi ambirimbiri ankapita kukafuna ntchito. Kumeneko ndiko Daniel ndi mng'ono wake Donald adakakumana ndi maimbidwe a kwela, amene adali atagwira mitima ya achinyamata kuchokera ku Johannesburg mpaka ku Zambezi.

Ndi bwino kuti tifotokoze pang'ono za kwela, pakuti maimbidwe amenewa ndi kanema n'zapachibale. Anyamata a m'makomboni a ku Joni ankalowa m'nyumba zoonetsera kanema ndi kuona magulu akuluakulu a jazi a ku America akuimba ndi malipenga onyezimira. Iwo adalibe ndalama zogulira malipenga otero, choncho adatenga kachitoliro kachitsulo kotsika mtengo nayamba kutsanzira zimene adaona ndi kumva. M'chaka cha 1951 kudatuluka kanema wotchedwa The Magic Garden, wojambulidwa m'komboni ya Alexandra, momwe mnyamata wina dzina lake Willard Cele adaliza kachitoliroko mwaluso, ndipo ana ambiri adakafunafuna atangoona kanemayo. Pambuyo pake akatswiri onga Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso adajambulitsa nyimbo zawo pa mbale za galamafoni. Mbalezo ndizo zidafika ku Salisbury ndi kuno kwathu m'masutikesi a anthu obwera ku Wenela.

Banja la a Kachamba litabwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Daniel adasonkhanitsa anyamata anzake napanga gulu. Iye ankaimba gitala ndi kutsogolera nyimbo, Donald ankaliza chitoliro, wina ankagwira bezi ya nsambo imodzi yomangirira pa bokosi, ndipo wina ankagwedeza maseche. Ankayenda m'misika ndi m'misewu ya Blantyre, anthu nawaponyera makobidi. Gitala ya Daniel nthawi zambiri inkakhala ya nsambo zisanu, chifukwa imodzi ankaichotsa dala, ndipo ankaikunga m'njira zingapo zimene adazipatsa maina akeake. Kuwonjezera pa kwela ankaimbanso sinjonjo, twist ndi rumba, imene iye ankaitchula kuti lumba. Nyimbo zake zambiri adazipeka m'Chichewa, ndipo zinkakamba za anthu wamba ndi mavuto awo.

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'chaka cha 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wochokera ku Vienna m'dziko la Austria, Gerhard Kubik, amene ankayenda m'dziko muno pamodzi ndi mnzake Maurice Djenda wa ku Central African Republic, adamva anyamatawa akuimba mumzinda wa Blantyre. Adawatsata mpaka ku Chileka, najambula nyimbo zawo pa tepi, ndipo chachikulu koposa, adawajambulanso pa filimu ya mamilimita 16. Kale kumbuyoko, m'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey adali atajambula kale mawu a oimba ambiri a m'Nyasaland, koma mawu okha sauza munthu zonse. Khutu lingathe kumva gitala ya Daniel n'kuganiza kuti oimba ndi awiri. Diso ndilo limaona kuti ntchito yonseyo ikugwiridwa ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, china chikuyendetsa mawu aakulu, china aang'ono. Khutu limamva kuti chitoliro cha Donald chili ndi mawu okhuthala, koma diso ndilo limaona chinsinsi chake: ankachipendeketsa ndi kuchilowetsa kwambiri m'kamwa, cha kutsaya. Mnyamata wofuna kuphunzira luso limeneli lero angaliphunzire chifukwa cha mpukutu umenewo.

Kuchokera pamenepo mbiri ya Daniel idadumpha malire. M'chaka cha 1972 adakaimba ku Ulaya, ndipo mu 1974 Yunivesite ya Zambia idasindikiza m'Chingerezi buku la Kubik lofotokoza za gulu la abale awiriwa. Kuno kumudzi wailesi ya MBC inkaulutsa nyimbo zake, ndipo anthu adazolowera kumutchula kuti Dokotala Daniel Kachamba. Patapita nthawi abalewa adayamba kuyenda aliyense njira yake. Donald adapitiriza kwela ndi gulu lake, momwe Kubik yemwe ankalizamo chitoliro cha clarinet, ndipo adazungulira maiko ambiri. Daniel adatchuka koposa poimba yekha ndi gitala yake. Adamwalira pa 25 Julayi 1987, ali ndi zaka 40 zokha. Wailesi ya kanema ya dziko lino, Television Malawi, idatsegulidwa mu 1999, iye atagona kale m'manda zaka 12. Motero anthu ambiri amene ankavina nyimbo zake m'midzi sadamuonepo akuimba ngakhale tsiku limodzi.

Tsono tiyeni titsate ulendo wa zithunzi zija mwini wake atamwalira. Filimu ya 1967 idasungidwa ku Ulaya zaka zoposa 25 isanatulutsidwe pa kaseti ya vidiyo mu 1993. Mu 1995 kampani ina ya ku America idatulutsa kaseti yotchedwa African Guitar, yosonkhanitsa zimene Kubik adajambula pakati pa 1966 ndi 1993, ndipo mmenemo Daniel akuoneka pamodzi ndi akatswiri ena onga Mwenda Jean Bosco wa ku Congo. Kasetiyo pambuyo pake idasamutsidwira pa DVD, ndipo kuchokera pa zimbale zotero anthu adadula tizigawo timene tikuoneka pa intaneti. Matepi ambiri a Kubik ali m'nkhokwe ya mawu ya ku Vienna yotchedwa Phonogrammarchiv, imene idakhazikitsidwa mu 1899 ndipo ndi yakale kuposa zonse za mtundu wake pa dziko lapansi. Kuno kwathu, Moya Aliya Malamusi adayambitsa ku Chileka komweko mu 1989 ntchito yosonkhanitsa nthano, nyimbo ndi zoimbira, ndipo Donald adathandiza pa ntchito zotere mpaka imfa yake mu 2001. Pa kusamuka kulikonse, kuchoka pa mpukutu kupita pa kaseti, pa chimbale ndi pa intaneti, padafunika munthu amene adali ndi chinthu chenichenicho m'manja mwake. Chikadatayika poyamba paja, palibe makina a masiku ano amene akadachibweza.

Apa ndi pamene mbiri ya Daniel ikukhudza mkangano umene okonda makanema akale ali nawo masiku ano: kodi chabwino n'chiti, kuonera pa intaneti kapena kusunga chimbale chako m'nyumba? Ubwino wa intaneti palibe angaukane. Popanda iyo, mwana wa sukulu wa ku Chiringa kapena ku Migowi sakadaona konse zala za Daniel, pakuti kaseti ya 1995 ija siinkagulitsidwa m'magolosale a kwathu kuno. Koma woonera pa intaneti ali ngati mlimi wa munda wobwereka, amene mwini wake angaulande chaka chilichonse. Kachigawo ka pa YouTube kamachoka tsiku limene wokaikayo kapena mwini umwini wake afuna. Ku America kudali kampani yotchedwa FilmStruck imene inkaonetsa makanema ambiri akale; idatsegulidwa mu 2016, ndipo mu Novembala 2018 eni ake adaitseka, olipira mwezi ndi mwezi aja natsala manja ali m'khosi. Netflix idafika m'dziko muno mu 2016, ndipo mu 2019 idaonetsa The Boy Who Harnessed the Wind, kanema wa William Kamkwamba wojambulidwa ku Kasungu, wokhala ndi Chichewa chambiri. Komabe anthu a m'midzi yathu, opanda magetsi, opanda ndalama ya bandulo ndi ya mwezi ndi mwezi, sadathe kumuonera pamenepo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Komanso tisanamizane kuti chimene chili m'nyumba n'chosafa. Ife a ku Phalombe tikudziwa bwino zimenezi. Napolo amene adatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991, ndiponso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, adatenga miyoyo ya abale athu, natenganso nyumba pamodzi ndi zithunzi, makaseti ndi mabuku onse amene adali m'katimo. Ngakhale popanda chigumula, kutentha ndi chinyontho zimadya filimu mpaka kuyamba kununkha ngati viniga ndi kukwinyika. Kaseti imachita nkhungu, chimbale chimakalika, memori khadi imafa mwadzidzidzi, ndipo makina oonetsera makaseti a vidiyo adaleka kupangidwa mu 2016. Ngakhale maiko olemera adataya zambiri: kafukufuku amene nyumba ya mabuku ya Library of Congress idatulutsa mu 2013 adapeza kuti mwa makanema 100 alionse aatali opanda mawu amene adapangidwa ku America, 70 adatayikiratu. Amene adapulumuka, ena adapezeka kumaiko akutali kumene adatumizidwa kukaonetsedwa naiwalika m'nkhokwe.

Phunziro lake n'lakuti kanema amapulumuka akakhala m'malo angapo, m'manja mwa anthu angapo, ndi kumasamutsidwa makina akale asanathe. Intaneti imathandiza pofalitsa, koma kusunga kumafuna mwini. Zithunzi za Daniel zidapulumuka chifukwa zidali ndi wozisamala, ngakhale n'zomvetsa chisoni kuti wozisamalayo adali kutsidya kwa nyanja. N'koyenera kuti nkhokwe ya zakale ya dziko lino ku Zomba, imene idatsegulidwa mu 1947, chaka chomwe Daniel adabadwa, pamodzi ndi mayunivesite athu, zikhale ndi makope athunthu a zithunzi zotere, ndi kuti makope ena afike mwalamulo m'malaibulale a masukulu a sekondale, momwe ana angaonere popanda kudikira netiweki. N'koyeneranso kuti banja lililonse limene lili ndi kaseti ya ukwati, ya tchopa kapena ya kwaya ya kumpingo liisamutse msanga, kope limodzi likhale pakhomo, lina kwa mbale wa kutali, lina pa intaneti.

M'maboma a Phalombe, Mulanje ndi Thyolo mudali oimba mabanjo ndi magitala ambiri a msinkhu wa Daniel, ena mwina aluso lofanana naye, amene palibe adawaloza ndi kamera. Iwowo tidawataya. Koma nkhalamba zodziwa kukunga bangwe ndi kuliza sansi zikadalipo m'midzi yathu, ndipo lamya zojambulira zili m'matumba mwa adzukulu awo. Chotsala n'chakuti adzukuluwo awajambule, ndi kusunga zojambulazo mosamala monga momwe mpukutu wa ku Chileka wa 1967 udasungidwira.