Géo André, Waliwiro Amene Sanathawe Nkhondo

Georges André, amene anthu akwawo ankangomutcha Géo, anabadwira mumzinda wa Paris, m'dziko la France, pa 13 Ogasiti 1889. Asanakwanitse zaka 19 anapita ku masewera a Olimpiki a ku London mu 1908, nalumpha mamita 1.88 m'mwamba, nalandira mendulo ya siliva. Koma mphatso yake yaikulu inali liwiro, makamaka pa mtunda wa mamita 400. Chifukwa cha liwirolo anasankhidwanso kasanu ndi kawiri kuimira dziko lake pa masewera a rugby mu 1913 ndi 1914.

Nkhondo yaikulu itabuka mu 1914, André anavulazidwa, nagwidwa ndi Ajeremani. Anayesa kangapo kuthawa m'ndende, ndipo atapambana sanakapume kwawo: anaphunzira kuyendetsa ndege, nabwerera kunkhondo.

Mtendere utabwera, anayambanso kuthamanga. Ku Antwerp mu 1920, pamodzi ndi Gaston Féry, Maurice Delvart ndi André Devaux, anapezera France malo achitatu pa mpikisano wopatsirana kamtengo, aliyense kuthamanga mamita 400. Mu 1924 masewera a Olimpiki anachitikira ku Paris, ndipo iye ndiye anasankhidwa kunena lumbiro m'malo mwa opikisana onse. Ameneŵa anali masewera ake achinayi. Ngakhale anali ndi zaka 34, anakhala wachinayi pa liwiro la mamita 400 lodumpha zotchinga.

Munthu wotere akadatha kukalamba mwaulemu, akusimbira ana za mbiri yake. Koma dziko lake litagonjetsedwa mu 1940, mtima wake sunakhale pansi. Anapita kumpoto kwa Africa, nalowa gulu la asilikali odzipereka okha lotchedwa Corps francs d'Afrique, pakati pa anyamata a msinkhu wa mwana wake. Pa 4 Meyi 1943 anaphedwa pafupi ndi Mateur, m'dziko la Tunisia, ali ndi zaka 53. Patangopita masiku atatu mzinda wa Tunis unamasulidwa.

Mwana wake Jacques anatsata mapazi a atate ake, namenya nkhondo m'ndege za gulu la Normandie-Niemen. Ku Paris kuli bwalo la masewera lodziŵika ndi dzina la Géo André. Achinyamata othamanga pamenepo akumbukire kuti mwini dzinalo anali ndi miyendo yotha kumuthawitsa, koma kawiri konse anabwerera mwa kufuna kwake kumene kunali imfa.